Nthiti Yapakhosi ya Sandifolo

Kalekale, koma kale loti amene analiona akadali ndi mano m'kamwa, kunali mkamwini wina dzina lake Sandifolo Mvula. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje wa Bua, koma anakwatira m'mudzi wa alimi a fodya cha ku Kasungu, ndipo monga mwa mwambo anasiya kwawo n'kudzamanga nyumba kwa mkazi wake, Elube Nasakala. Elubeyo anali ndi abale atatu. Woyamba anali a Gelevazio, amene ankayang'anira minda ndi chigafa cha banja lonse. Wachiwiri anali Felesiya, mayi wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Wachitatu anali Yotamu, mnyamata wamkulu woseka ndi aliyense, amene njinga yake inkadziwa njira zonse za m'deralo. Atatuwa ndiwo alamu ake a Sandifolo, ndipo mlandu ndikukutulirani lerowu ndi wa iwowa.

Sandifolo anali munthu waulemu wopitirira muyeso. Akamva dzina lake ankavula chipewa asanaone n'komwe womuitana. Pamaso pa akulu ankakhala atapinda manja pamiyendo, maso ali pansi, ndipo ukamufunsa za moyo yankho linali limodzi chaka chonse: "Ndilipo, kaya inu." Ine ulemu ndimaukonda, koma wa bambo ameneyu unatsala pang'ono kumudyera mkono.

Pa khasu panalibe womuposa. Vuto linayamba fodya atakhwima, m'chaka chake chachiwiri cha pa chikamwini. Amene simunalimepo fodya mumve: masamba akathyoledwa amayi amawasoka, n'kuwakoleka pa timitengo totchedwa mikangala, kenako mwamuna amakwera m'chigafa n'kumalandira mikangalayo kuti aipachike m'mwamba. Ntchito imeneyi munthu amaigwira manja ali pamwamba pa mutu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo malo a m'mwamba mwenimweni, poti ndi otentha ndi otopetsa, amakhala a mkamwini.

Sandifolo akapachika mikangala itatu kapena inayi, mkono wake wamanja unkayamba dzanzi. Linkayambira ku chala chaching'ono, n'kukwera mpaka m'phewa. Dzanja linkazizira, mkono n'kulemera ngati wa munthu wina, zala n'kukana kugwira. Akautsitsa n'kupuma pang'ono, zonse zinkabwerera m'malo mwake. Tsiku lina mkangala wodzaza unamupulumuka, fodya wabwino n'kusweka pansi.

"Kulima amalima, kudya amadya," anatero a Gelevazio. "Mkono umadwala ukangoona chigafa basi? Kumeneko ndi kusankha ntchito."

Felesiya sanachedwe. Mawa lake pamtondo panamveka nyimbo yatsopano, ndipo pofika Loweruka mudzi wonse unali utaidziwa:

"Alamu anga ku chigafa mkono ndi umodzi,
pa mbale ya ndiwo yamera iwiri."

Nyimboyo inamulasa Sandifolo kuposa dzanzi lija. Anasiya kudandaula. Ankakwera m'chigafa mano ali gwa, n'kumapachika fodya mpaka misozi kulengeza.

Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo anapitako kawiri. Ulendo uliwonse ankalowa, n'kukhala pa mpando, chipewa m'manja, manja pamiyendo. Akamufunsa chomwe chavuta ankati, "Ndi kamkono chabe, adokotala, kamachita dzanzi nthawi zina." Ankamugwira pamkono kumvera kugunda kwa magazi, n'kupeza kuli bwinobwino. Ankamuuza kuti afinye zala zawo, iye n'kufinya mwamphamvu ngati mlimi. Ankamupatsa panado n'kumuuza kuti apumule. Sakanaona kanthu, poti mwini wake matendawo anali atawapinda bwinobwino pamiyendo.

Yotamu yekha ndiye ankamukhulupirira, ndipo chifundo chake chinabwera ndi lezala. Anamutemera mphini paphewa, n'kupakapo mankhwala akuda omwe anakatenga kwa mnzake wa kumsika. "Alamu, mwezi umodzi wokha," anatero. "Kuchipatala musapiteko kaye, mankhwala awiri sasakaniza." Sandifolo anamvera, poti iye kukana sankakudziwa. Mwezi umenewo usanathe, nsonga ya chala chaching'ono inayamba kuda, ndipo pa chala chinzake panatuluka kachilonda kosapola.

Nthawi imeneyo n'kuti Elube ali ndi pakati pa miyezi itatu, mimba yake yoyamba. Felesiya anamuuza mng'ono wakeyo poyera, anthu akumva, kuti, "Musudzule abwerere kwawo. Udzalera ana awiri, wina wa ndevu?" Masana a tsiku lomwelo Sandifolo anamupeza mkazi wake kuseri kwa chigafa akulira. Anamuonetsa chala chija.

"Nasakala, ine sindinama. Mkono uwu ukufa ndikuuona."

"Ndikudziwa, a Mvula."

"Mwana woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna, ndiye kuti dzina la mwana uyu lili m'manja mwa ife a kutsidya. Koma ndikulumbira pamaso pako. Ndikadzamunyamula ndi manja awiri n'kumukweza pamwamba pa mutu wanga, munthu amene wandipulumutsira mkono uno ndiye adzamutche dzina. Kaya ndi ndani."

Elube anawauza abale ake mawu amenewa, ndipo onse atatu anawamva. Tsopano tcherani khutu mumve zomwe aliyense anachita.

A Gelevazio anatopa ndi nkhani ya mkono, ndipo anaganiza zomugwira mlamu wawo bodza anthu akuona. M'mawa wina anamukweza pamwamba penipeni pa chigafa, iwo n'kuima pansi pake kuti azimupatsira okha mikangala. Maso awo sanachoke pa dzanja lija. Mkangala woyamba unakwera, wachiwiri unakwera. Pa wachitatu anaona chikhatho cha kumanja chikutuwa ngati phulusa, pomwe cha kumanzere chinali chofiirira monga mwa masiku onse.

"Tsitsani mkono," anatero.

Sandifolo anatsitsa. Pang'onopang'ono chikhatho chinabwerera mtundu wake.

"Kwezaninso."

Chinatuwanso. Anamuchititsa zimenezi kasanu, kenako anamutsitsa n'kugwira manja onse awiri. Lina linali lofunda, lina lozizira ngati mwala wa kudambo. Munthu akhoza kunama ndi pakamwa, akhoza kunama ndi nkhope, koma sangauze magazi ake kuti achoke m'dzanja.

M'mawa mwake anakwera naye galimoto yopita ku chipatala cha ku boma, atanyamula mkangala umodzi. Mlonda wa pachipata cha chipatala anati ndodo salowa nazo. "Iyi si ndodo, ndi mboni," anatero a Gelevazio, n'kudutsa. Atalowa kwa dokotala, mayi wina wachitsikana wovala magalasi, Sandifolo anakhala monga mwa chizolowezi chake, manja pamiyendo, n'kuyamba kuti, "Ndi kamkono chabe..."

"Pepani adokotala, ndilowerere," anatero a Gelevazio. "Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma munthuyu mukumuyeza pomwe sadwala. Akakhala pansi ndi wamoyo kuposa ine. Amadwala akaimika manja. Alamu, imirirani, gwirani ichi, pachikani fodya."

Dokotalayo anayamba waseka, koma anaika zala zake pamkono pa Sandifolo pomwe pamamveka kugunda kwa magazi. Sandifolo anakweza mkangala pamwamba pa mutu. Kuseka kuja kunatha. Kugunda kunachepa, kunachepa, mpaka kunazimiririka. Atatsitsa mkono kunabwerera. Dokotala anapapasa m'munsi mwa khosi, pamwamba pa fupa lopingasa lija, n'kupeza kanthu kolimba. Anaitana anzake awiri kuti adzaone, kenako anamutumiza kukamujambula.

Chithunzi chitabwera anachiimika pawindo. "Munthu amakhala ndi nthiti khumi ndi ziwiri mbali iliyonse," anatero. "Bambo awa anabadwa ndi ina yoonjezera, iyi apa, yomera m'munsi mwa khosi. Pamalo amenewa pali kampata kopapatiza. M'kampatamo mumadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi ku mkono, pamodzi ndi mitsempha ina yomwe imachititsa dzanja kumva ndi kugwira. Mkono ukakhala pansi, njira ilipo. Akaukweza, nthiti iyi imapana zonsezo, ngati ng'ombe yaponda payipi ya madzi. Mtsempha wa magaziwo wapanidwa nthawi yaitali moti wayamba kuwonongeka, ndipo timagazi toundana tikumapita kukatseka ku zala. N'chifukwa chake chala chikuda. Matendawa ndi osowa, ine ndinangowawerenga m'buku, kuwaona ndi lero. Nthitiyi iyenera kuchotsedwa ku chipatala chachikulu cha mumzinda, ndipo pasathe masabata awiri. Mukachedwa, chodulidwa sichikhalanso chala. Likhala dzanja."

Pobwerera a Gelevazio sanapepese, poti pakamwa pawo mawu amenewo sankatulukapo. Anangolanda chikwama cha mlamu wawo n'kuchinyamula okha mpaka kumudzi. Imeneyo ndiyo ntchito ya a Gelevazio.

Koma mkamwini ndi wa eni. Akuchikazi akhoza kumutuma, akhoza kumunyoza, koma sangamupereke ku mpeni popanda mawu a kwawo, chifukwa akafera komweko mlandu wake sutha. Sandifolo naye anati sangagone pa tebulo la opaleshoni amalume ake, a Zefaniya, asanalole. Anawaimbira foni. A Zefaniya anangoti, "Ayi," n'kudula. Anayesanso kawiri, foni osayankhidwa. Masiku anayi anapita choncho.

Yotamu, amene chiyambire kumva za chala chija sankadya bwino, anapopa njinga yake n'kunyamuka. Inali nyengo ya mvula, Bua atadzaza, ndipo mlatho unali kutali ulendo wa tsiku lina lathunthu. Anawolokera pa dooko la asodzi, njinga ili pamutu, madzi akumufika m'chifuwa. Anawapeza a Zefaniya ali pakhonde akuluka dengu.

"Mulungu anamuumba ndi nthiti imeneyo," anatero mkuluyo atamva zonse. "Zaka makumi atatu wakhala nayo. Inu a Sakala mwamugwiritsa ntchito ngati ng'ombe, lero mukufuna mumutumbule ngati mbuzi? Mubwezeni kuno, tidzamusamala tokha."

Yotamu anafotokoza za kampata, za mtsempha, za payipi. Mkuluyo anapitiriza kuluka dengu lake. Pamenepo Yotamu anapita pa njinga, n'kumasula mphira womangira katundu. Anauzengereza pamkono pake mothinitsa, n'kumanga mfundo ndi mano, n'kukhala pansi pamaso pa a Zefaniya, dzanja ataliika pa bondo.

Poyamba mkuluyo ananamizira kusaona. Dzanja linatupa. Linasintha mtundu. Zala zinayamba kunjenjemera, kenako zinaleka. Thukuta linatsika pankhope pa Yotamu.

"Iwe, masula chimenecho."

"Ligwireni kaye, bambo."

A Zefaniya analigwira, n'kubweza dzanja lawo msanga. "Lazizira. Masula, mwana iwe, ulemala!"

"Langa ndikhoza kumasula nthawi iliyonse. Mphwanu lake sangamasule, mfundo yake ili m'kati. Wakhala chonchi kuyambira Januwale. Ine sindimasula mpaka mutalola. Ndipo akapanda kudzuka ku mpeniko, mlandu musakaufune kwa Elube kapena kwa achimwene. Ndi wanga. Ndidzabwera ndekha kudzakulimirani pano mpaka mudzanene kuti zakwana."

Mkuluyo anatenga mpeni wake wosendera nsungwi n'kudula mphira uja yekha. Mawa lake anakwera pa kaliyala ya njinga ya Yotamu, n'kuzungulira ku mlatho, ndipo tsiku lachisanu ndi chinayi la masabata awiri aja Sandifolo analowa m'chipatala chachikulu amalume ake ali pambali. Achipatala atati pakufunika wachibale apereke magazi oti akhale podikira, magazi a Yotamu ndiwo anagwirizana ndi a wodwalayo, ndipo anapereka ndi mkono womwe uja unali ndi mkwingwirima wa mphira. Madokotala anachotsa nthiti, anakonza mtsempha pomwe unawonongeka, koma nsonga ya chala chaching'ono inali itafa kale, ndipo anaidula pa mfundo yoyamba. Imeneyo ndiyo ntchito ya Yotamu.

Wodikirira wodwala kuchipatalako anali Felesiya. Elube mimba inkamuvuta, sakanatha kugona pansi m'khonde la chipatala, ndipo Felesiya anangomanga katundu wake osauzidwa ndi munthu. Sandifolo atatuluka m'chipinda cha opaleshoni, Felesiya ndiye anayamba kugwira dzanja lija n'kupeza lafunda. Namwino anamuonetsa nthiti ija ili m'kabotolo. Inali yaifupi kuposa chala cha mkombaphala. Felesiya anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndiye kuti nyimbo yonse ija ndinkaimbira kafupa aka."

Magazi anabwerera, koma mkono sunabwerere. Unali utaonda, zala zinalibe mphamvu yogwira ngakhale supuni, ndipo Sandifolo ankaopa kuugwedeza kuti bala lingang'ambike. Anaukoleka pa nsalu ya m'khosi n'kumaulera ngati khanda. Mayi wa mafizo wa pachipatalapo, amene ntchito yake ndi kuphunzitsa ziwalo kuyambiranso kugwira ntchito, anamuitana Felesiya pambali. "Kwanu n'kutali, sangamabwere kuno sabata iliyonse," anatero. "Akausunga pa nsalu miyezi iwiri, phewa liuma, ndipo sadzaukwezanso. Zomwe ndikuonetseni apa muzikamuchititsa tsiku lililonse. Adzalira, adzakudani, musadzamumvere chisoni."

Mayiyo sankadziwa kuti wapatsa ntchito mwini wake weniweni. Atabwerera kumudzi, bala litapola, Felesiya anayamba. M'mawa uliwonse asanapite kumunda ankamuimika mlamu wake pa khoma la khitchini yake, kuti zala ziziyenda pakhomapo kukwera m'mwamba, ndipo pomwe zalekezera ankalembapo mzere ndi khala. Mzere woyamba unali pa msinkhu wa lamba. Akachoka pakhoma ankamupatsa lichero la mtedza kuti aswe ndi dzanja lodwalalo, poti inali nyengo yokolola. Masana ankamuchititsa zotambasula khosi ndi kubweza mapewa m'mbuyo, monga anamuonetsera mayi wa mafizo uja.

Sandifolo, munthu amene sanakwezepo mawu chibadwire, anaphunzira kukalipa pa khoma limenelo. Tsiku lina anathawira kudimba m'mamawa. Felesiya anamutsatira ndi khala lake m'manja, n'kumuimika pa mtengo wa mango.

"Alamu, ngakhale muthawire kutsidya kwa Bua, kumeneko makoma aliko."

"Mayi inu ndinu mfiti!" anakuwa Sandifolo, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anadzidzimuka yekha n'kuyamba kupepesa.

"Musapepese, kwezani. Mfiti ikufuna njerwa ina imodzi."

Zala zikaima, Sandifolo n'kunena kuti apa pokha sangapitirire, Felesiya ankayamba kuimba nyimbo ija ya mkono umodzi, mokweza, kuti a nyumba zoyandikana amve. Ukali unkamugwira Sandifolo, ndipo zala zinkakwera njerwa ina. Anachita zimenezi miyezi inayi osadumphitsa tsiku, ngakhale la Mulungu, munda wake wa mbatata n'kumera thengo. Mwezi wa Seputembala zala za Sandifolo zinagwira udzu wa denga. Tsiku limenelo Felesiya analowa m'khitchini n'kutseka chitseko, ndipo amene anadutsa pafupi akuti anamva munthu akufwenthera m'katimo. Imeneyo ndiyo ntchito ya Felesiya.

Mwina wina mwa inu wayamba kale kunena mumtima kuti dzina apatsidwe dokotala. Ameneyo muchotseni pa mlanduwu, chifukwa anadzichotsa yekha. Sandifolo atapita kukaonedwanso ku boma anamuuza mayi wa magalasi uja za lumbiro lake. Iye anaseka n'kuti, "Ine ndi anzanga a mumzinda tinagwira ntchito yomwe tinaphunzira. Mukanabwera nokha n'kupinda manja, mwina inenso ndikanakupatsani panado. Mukanachedwa sabata ina, tikanadula dzanja. Mukanausunga pa nsalu, ntchito yathu yonse ikanapita pachabe. Dzinalo kaperekeni kwanu konko."

Mwezi wa Okutobala Elube anachira, mwana wamkazi. Patatha sabata mchombo unagwa, ndipo linafika tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, lomwe khanda limaonekera kwa anthu n'kulandira dzina. Anayala mphasa pabwalo la nyumba m'mawa. A Zefaniya anabwera kuchokera kutsidya. Elube anatuluka ndi mwana n'kumupereka kwa bambo wake. Sandifolo anamulandira ndi manja awiri, n'kumukweza pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa mutu, n'kumusunga pomwepo. A Gelevazio, mwa chizolowezi, maso anali pa chikhatho. Sichinatuwe. Amayi anaimba nthungululu.

Tsono mwambo wake ndi wakuti wotcha dzina amalandira mwana m'manja. Sandifolo atamutsitsa mwana uja anapeza manja asanu ndi limodzi atatambasuka kutsogolo kwake.

"Ine ndinaona chomwe achipatala anachiphonya kawiri," anatero a Gelevazio. "Popanda maso anga, bwenzi mpaka lero mukuti ndi ulesi. Munthu sachiza matenda omwe sakuwadziwa."

"Munaona chifukwa munkafuna kuwachititsa manyazi, achimwene," anayankha Felesiya. "Ndipo ndani ankawakweza pamwamba pa chigafa tsiku ndi tsiku mpaka mtsempha kuwonongeka?"

"Kudziwa matenda si kuchira," anatero Yotamu. "Chithunzi chinalipo, dokotala analipo, koma munthu anali pakhomo pano chala chikuola. Ine ndinawoloka Bua, ndinaika dzanja langa ndi ufulu wanga pa chikole. Magazi akuyenda m'mkono umenewo ena ndi anga."

"Nanga nsonga ya chala ili kuti?" anafunsa a Gelevazio. "Si mwezi wa mphini zako uja unaidya?"

Yotamu anaweramitsa mutu, koma manja sanabweze.

"Inu nonse ntchito yanu inali ya masiku," anatero Felesiya. "Wina tsiku limodzi ndi mkangala, wina masiku atatu ndi njinga. Munabweretsa kuno mkono wofunda koma wolendewera ngati dzungu. Lumbiro silinati mkono ukadzafunda. Linati ndikadzamukweza pamwamba pa mutu. Pitani mukawerenge mizere pa khoma langa."

"Mizere tiiwerenga, alongo," anatero Yotamu. "Koma amene anawatseka pakamwa alamu ndi nyimbo, mpaka kumabisa ululu, ndani? Amene anati asudzulidwe ndani? Akanamvera inu, mwana uyu bwenzi akutuluka m'chikuta bambo wake ali kutsidya ndi dzanja limodzi."

Mayi wina woyandikana nawo nyumba anati bwanji aliyense atchule lake, mwana akhale ndi mayina atatu. Elube anakana. "Mwana wanga si minibasi yoti ailembe mayina kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Lumbiro linati munthu mmodzi." Anthu anatembenukira kwa a Zefaniya kuti monga mkulu adule mlandu. Mkuluyo anapukusa mutu. "Ine ndinakana mpeni. Akanamvera ine, bwenzi lero tikulandira mwana ndi chigongono. Pa nkhani iyi ndilibe pakamwa."

Maso onse anabwerera kwa Sandifolo. Iye anakhala pansi pamphasa, mwana ali pamiyendo, maso pansi, mapewa atagwa, monga ankakhalira pamaso pa madokotala aja.

"A Mvula," anatero Elube, "mwayambanso kupinda manja? Khalidwe limeneli ndi lomwe linatsala pang'ono kukudulitsani mkono. Yankhulani."

Sandifolo anakweza maso n'kuwayang'ana alamu ake mmodzimmodzi. "Aliyense wa inu anandipweteka," anatero, "ndipo aliyense wa inu anandipulumutsa. Ndikachotsapo mmodzi, mkono uwu palibe. Ndikapatsa mmodzi, ndanyoza awiri, ndipo ine ndi mkamwini, ndidzakhala nanu pamudzi pano mpaka imfa. Koma ndinalumbira, ndipo mwana sangagone kunja kwa chikuta wopanda dzina."

Dzuwa linali litafika pamutu. Mwana uja anadzuka, n'kutambasula kadzanja kake, n'kugwira chala chaching'ono cha bambo wake, chodukacho, osachisiya. Manja asanu ndi limodzi aja anali akadali chitambasukire.

Ine nkhaniyi ndaifikitsa pomwe ndingathe, ndipo mlandu ndautula pamaso panu. A Gelevazio anaona matenda, koma anawaona ndi diso lofuna kugwira wabodza. Yotamu anatsegula njira ya ku mpeni ndi thupi lake lomwe, koma chikondi chake ndicho chinadya chala. Felesiya anaukweza mkono kuchoka pa lamba mpaka kudenga, koma ndi pakamwa pomwe paja panaugwetsa. Inuyo mukanakhala Sandifolo, mwana ali pamiyendo panu ndipo dzuwa likupendeka, mukanamuika m'manja mwa yani kuti amutche dzina?